Ndirande ndi Anthu Ake a m'Mafakitale

Anzanga amene tinadutsa pa sukulu yathu ija, mukukumbukira kuti pa phunziro la mbiri ankatiphunzitsa za Dr David Livingstone, za amishoni a ku Scotland amene anafika ku Kabula m'chaka cha 1876, za John Chilembwe ndi nkhondo yake ya 1915, ndiponso za kutera kwa Dr Banda pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Zonsezi tinaziloweza ndipo ena a inu mukhoza kuzitchula ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku. Koma za Ndirande, kumene ambiri a ife tinkachokera m'mawa uliwonse mapazi ali mbuu ndi fumbi, palibe mphunzitsi amene analembapo pa bolodi. Dzina la Ndirande linkamveka m'kalasi pokhapokha wina akafuna kuseka mnzake. Chonsecho fizi ya ambiri a ife inkachokera m'thumba mwa bambo kapena amalume ogwira ntchito ku fakitale, ndipo anthu amenewo ndiwo anamanga Ndirande. A Mkonzi atandipempha kuti ndilembepo kanthu za makedzana, ndinaona kuti ndi bwino tikambeko za anthu amenewa.

Amishoni asanafike, kunsi kwa phiri la Ndirande kunali kale midzi. Derali linali m'manja mwa mfumu Kapeni ya Chiyao, ndipo ndi iye amene analola amishoni kukhala pamene pali mishoni ya Blantyre. Patangopita zaka ziwiri, mu 1878, kunabwera kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo amachita nacho chidwi mpaka lero, chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Mabuku amatchula David Clement Scott, ndipo n'zoona kuti ndi iye anachilingalira, koma oumba njerwa, ootcha ndi omanga anali anthu akuda amene madzulo ankabwerera ku midzi yozungulira. Kuyambira pachiyambi penipeni, tauni ya Blantyre inkagwiritsa ntchito manja a anthu amene sinkawapatsa pogona.

Anthu a m'midzi yapafupi okha sakanakwanira. Oyamba kuchokera kutali anali Atonga a ku Nkhata Bay, amene a Mandala ankabwera nawo pa sitima ya pamadzi. Kenaka kunayamba kutsika Angoni a ku Ntcheu ndi ku Dedza, magulumagulu, nyengo ya chilimwe ntchito ya kumunda ikatha. Masiku amenewo kunalibe njanji kapena galimoto, tsono katundu yense wochokera ku madooko a pa mtsinje wa Shire ankabwera pamutu pa amtengatenga. Chimene chinkawatulutsa m'midzi mwawo makamaka chinali msonkho wa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma la atsamunda linaika msonkho wa mashereni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira mashereni 3 okha. Lamulo limeneli silinkafuna womasulira, aliyense ankamva chimene likunena.

Gulu lalikulu koposa linali la Alomwe ochokera ku Mozambique, amene anayamba kuoloka malire m'zaka za m'ma 1890 pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Ambiri anayamba akhala m'maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu pansi pa thangata, ndipo ana awo, poona kuti malo olima palibe, ndiwo analondola msewu wa ku Limbe ndi ku Blantyre. Anthuwa ankaitanidwa ndi dzina lachipongwe lija limene sindilemba pano, kufikira pamene a Lewis Bandawe, mkulu wa ku mishoni ya Blantyre, ndi anzawo anakhazikitsa bungwe la Alomwe m'zaka za m'ma 1940 ndi kukakamiza boma kuti lileke kuligwiritsa ntchito. Nchifukwa chake ambiri a ife tinakula osamvapo agogo athu akulankhula Chilomwe pagulu. Ankachisungira m'nyumba, kapena pamene akufuna kuti ana tisamve.

Chaka cha 1908 chinasintha zinthu kwambiri. Njanji inafika ku Blantyre, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ya fodya ku Limbe. Iyi ndiyo inali fakitale yoyamba yaikulu m'dziko muno. Mu 1938 ku Limbe komweko kunatsegulidwa okushoni ya fodya. Ntchito ya fodya inali ya nyengo: kusankha, kuchotsa mitsitsi ya masamba, kuumitsa ndi kudinda mabelo kwa miyezi ingapo, kenaka anthu ambiri n'kuuzidwa kuti adzabwerenso chaka chamawa. Malipiro ankayendera tikiti. Kapitawo ankachonga tsiku lililonse limene munthu wagwira, ndipo tikiti ikadzaza masiku 30 ndi pamene ankalandira ndalama, kuphatikizapo phoso wa ufa, nyemba ndi mchere. Tsiku lodwala silinkachongedwa. Motero mwezi wa wantchito unkatalika kuposa mwezi wa pa kalendala.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani ya Ndirande, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge modekha. Amene munakhalapo ku Zimbabwe kapena munali ndi abale kumeneko mukudziwa kuti ku Salisbury ndi ku Bulawayo boma linamanga malokeshoni monga Harare, amene lero ndi Mbare, ndi Makokoba. Kumeneko wantchito ankakhala m'nyumba ya khonsolo, ali ndi chitupa m'thumba, apolisi akumufunsa usiku kuti akugona ndi yani. Ku Blantyre sizinali choncho. Makhonsolo a Blantyre ndi Limbe, amene anali awiri osiyana mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956, anali a azungu ochepa ndi amwenye ochita malonda, ndipo sankafuna kuononga ndalama zawo pomangira anthu akuda nyumba. A njanji ndi a fodya ku Limbe anamangirako ena mwa antchito awo, boma nalo linamangako malaini angapo, koma zimenezi zinali kadontho chabe. Wantchito wamba ankayenera kudzipezera yekha pogona kunja kwa malire a tauni.

Ndirande inali pamalo abwino pa zimenezi. Inali pafupi moti munthu ankatha kuyenda wapansi kukafika ku ntchito ku Blantyre, ngakhale ku Limbe kumene ngati walawirira. Madzi analipo mu Nasolo ndi m'timitsinje totsika m'phiri, nkhuni zinalipo, dothi loumbira njerwa linalipo. Choposa zonse, kunali mafumu. Mlendo sankapita ku ofesi kukalemba fomu. Ankapita ndi mnzake wa ku ntchito, kapena mbale wa kumudzi amene anafika kale, kukaonekera kwa nyakwawa, kupereka kangachepe, ndipo ankamulozera pomanga. Mayina a Somanje, Makata, Matope ndi Gamulani amene tikuwadziwa ngati zigawo za Ndirande ndi mayina a maufumu. Munthu akapeza malo ankaitana mkazi wake kuchokera kumudzi, kenaka mlamu, kenaka mphwake woti adzamufunire ntchito. Nyumba yoyamba inali ya zidina ndi udzu. Ikatha ankamanga ina kumbuyo kwake n'kuikamo wa lendi. Palibe amene anajambula mapu, nchifukwa chake njira za m'kati mwa Ndirande zimakhotakhota monga mukuzidziwira, kutsata pamene panathera mpanda wa uje ndi pamene panayambira chimbudzi cha uje.

Kunena chilungamo, dongosolo limeneli linali ndi ubwino wake. Anthu a ku Ndirande anali ndi ufulu umene a m'malokeshoni a ku Rhodesia analibe: kukhala ndi banja lawo, kulima kamunda, kuweta nkhuku, kufulula mowa, kulandira mlendo popanda kupempha chilolezo kwa mzungu. Koma amene anapindula kwambiri ndi olemba ntchito. Popeza wantchito anali ndi nyumba yomanga yekha ndi kamunda ka mkazi wake m'mbali mwa phiri, kampani inkatha kumulipira ndalama zosakwanira kudyetsa banja, ndipo banjalo silinkafa. Mipope ya madzi, ngalande ndi misewu sizinali pa mutu wa aliyense. Mavuto ambiri amene Ndirande inadzakumana nawo pambuyo pake anabzalidwa m'zaka zimenezo.

Njala ya 1949 inaonetsa poyera mmene zinthu zinalili. Mvula inadula m'boma lonse la Blantyre ndipo minda inapsa. Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi pocheza ndi anthu a m'midzi ya boma la Blantyre ndi kutulutsa buku lake mu 1987, anaonetsa kuti amuna olembedwa ntchito anali ndi mwayi chifukwa mabwana awo ankawapezera chakudya, pamene amayi amene amuna awo anali kutali kapena anawathawa ndiwo anavutika koposa, makamaka pamene kufulula mowa kunaletsedwa pofuna kusunga chimanga. Phunziro limene anthu anatolapo linali lakuti tikiti ya ku kampani ndi nkhokwe yodalirika kuposa ya kumunda, ndipo njala itatha ambiri anasendera kufupi ndi tauni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, David Bettison wa ku Rhodes-Livingstone Institute anachita kafukufuku m'midzi 17 yozungulira Blantyre ndi Limbe, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1958. Ntchito yake yoyerekeza malipiro ndi mitengo ya zinthu inaonetsa kuti ndalama za wantchito wamba zinali zoperewera pa zofunika za banja. Zotsalazo ankakwaniritsa ndi amayi: masese, kachasu, thobwa, zitumbuwa, nkhuni za pamutu, ndiwo zamasamba. Tikamanena kuti Ndirande inamangidwa ndi anthu a m'mafakitale, tisaiwale kuti amayi amenewa dzina lawo silinalembedwe m'kaundula wa kampani iliyonse.

Si onse anali olembedwa ntchito. Ndirande inatulutsanso anthu oima paokha, ndipo wodziwika koposa anali a Lawrence Makata, mwana wa komweko, amene anali ndi malole ndi mabizinesi ena, natsegulanso sukulu yothandiza ana a m'deralo. Iwowa anali m'gulu la akuluakulu a Nyasaland African Congress mu Blantyre. Boma litalengeza za chisokonezo pa 3 Malichi 1959 anamangidwa pamodzi ndi anzawo ambiri, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1962, ufulu asanauone. Tikamawerenga za makamu amene ankadzaza misonkhano ya Congress mu Blantyre m'zaka zimenezo, tizidzifunsa kuti anthuwo ankachokera kuti. Sankachokera ku Sunnyside kapena ku Namiwawa. Anali antchito a m'makampani, a m'nyumba za azungu, a m'masitolo a amwenye, otsika kuchokera ku Ndirande ndi midzi ina yotere. Wolemba mbiri John McCracken analongosola bwino za nthawi imeneyi m'nkhani yake ya 1998 yokamba za kusintha kwa tauni ya Blantyre, ndipo amene muli ndi mwayi woipeza muiwerenge.

Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, mafakitale ambiri anamangidwa ku Southern Rhodesia, ndipo kuno kunkangobwera katundu wopangidwa kale. Dziko lathu linali lotumiza anthu. Titalandira ufulu mu 1964, boma latsopano linafuna kuti zinthu monga nsalu, sopo, zakumwa, nsapato ndi mawailesi zizipangidwa konkuno. Chaka chomwecho linakhazikitsa Malawi Development Corporation kuti izilowa m'mabizinesi pamodzi ndi makampani akunja, ndiponso Malawi Housing Corporation yoona za nyumba. Magetsi a pa Nkula anayamba mu 1966, chaka chimene Blantyre inakwezedwa kukhala mzinda. Malo a mafakitale akuluakulu anasankhidwa m'chigwa cha Mudi, ku Makata, pakhomo penipeni pa Ndirande. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito mu 1967. Mu 1968 kunatsegulidwa fakitale ya mowa ya Carlsberg, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark. Panalinso a Southern Bottlers opanga Sobo, a simenti, ogaya ufa, osula zitsulo ndi ena ambiri. Kalembera akutiuza mmene mzinda unafufumira: anthu pafupifupi 109,000 mu 1966, 219,000 mu 1977, ndi 333,000 mu 1987. Nyumba za Housing ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Kanjedza zinkapita kwa makalaliki ndi aphunzitsi. Woyendetsa makina oluka nsalu ankalowera ku Goliyo, ku Chinseu kapena ku Safarao kukafuna chipinda cha lendi.

Ku Whitehead ndiko kunali kuchimake. Kampaniyi inachokera ku Lancashire ku England, inalinso ndi mafakitale ku Rhodesia, ndipo kuno eni ake anali a Lonrho pamodzi ndi boma. Thonje lochokera ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima linkalowa mbali imodzi, mbali inayo n'kutuluka zitenje, nsalu ya khaki ndi nsalu za yunifolomu. Malaya amene tinkavala ku sukulu, ndi nsalu ya nkhope ya Kamuzu imene amayi athu ankavala povina, zinkachokera pa makina amene bambo a mnzako wa pa desiki ankayendetsa. Anthu zikwi zingapo ankagwira ntchito pamenepo mosinthana usana ndi usiku. Amene munakulira m'nyumba ya munthu wa shifiti ya usiku mukukumbukira lamulo lija loti masana musamasewere pafupi ndi zenera, bambo akugona. Mukukumbukiranso mizere ya anthu m'bandakucha, m'nyengo ya chiperoni, atavala majasi, kachitini ka nsima ya dzulo kali m'manja, akuoloka Nasolo kutsikira ku Makata. Ena ankabwerako ali ndi ulusi wa thonje m'tsitsi ndi chifuwa chosatha, ena makutu atagontha ndi phokoso la makina.

Moyo wonse wa Ndirande unkavina ng'oma ya kutha kwa mwezi. Tsiku la malipiro landilodi anali pakhomo, wa golosale atatsegula kabuku ka ngongole, wa katapila ataima pa geti la fakitale. Sabata imeneyo m'nyumba munkanunkhira nyama, pofika pa 15 tabwerera ku bonya ndi chisoso. Amayi ndi abambo omwe ankachita chipereganyu kuti wina agule malata mwezi uno, wina alipire fizi mwezi wamawa. Ndipo panali ndalama ina yosakhudzidwa, ya kumudzi: ya feteleza, ya msonkho wa agogo, ya ulendo wa pa Khirisimasi. Anthu ambiri a m'badwo umenewo sankadziwerengera kuti ndi a ku Ndirande. Ukawafunsa kwawo ankatchula Phalombe, Ntcheu, Mangochi, Nkhotakota, Mzimba, ngakhale atakhala pa Ndirande zaka makumi atatu. Pa maliro ndi pamene zinkaonekera bwino. Anthu a boma limodzi ankasonkherana, kampani ikakhala yachifundo inkapereka bokosi ndi lole, ndipo thupi linkapita kukagona kwawo. Ife ana awo ndife oyamba amene tinayamba kuyankha kuti kwathu ndi ku Ndirande, ndipo ena a ife tinkayankha motsitsa mawu.

Pa mpanda umodzi pankatha kukhala Mlomwe, Myao, Msena, Mngoni ndi Mtumbuka, mpope umodzi, bafa imodzi, chingwe choyanikapo chimodzi. Mikangano inalipo, ya pa mpope makamaka, koma maukwati analiponso, ndipo ambiri a ife amene tikuwerenga kalatayi ndife zipatso zake. Chichewa chimene tinkalankhula chinali chosakaniza, chotola mawu ku Chiyao, ku Chisena, ku Chingerezi cha m'fakitale ndi ku chilankhulo cha ku migodi, moti aphunzitsi a Chichewa ankatopa nacho cholembera chofiira. Loweruka ndi Lamlungu onsewa ankakumana ku mpira, umene nawonso unali m'manja mwa makampani: Bata Bullets inali ndi dzina la fakitale ya nsapato, Wanderers inakhalapo Limbe Leaf Wanderers, ndipo bwalo lina lija mpaka lero timangoti pa BAT. Za timu imene Ndirande imakonda sindinenapo, kuopa kuyambitsa mkangano pa msonkhano wathu wotsatira.

Fakitale inabala mafakitale ena ang'onoang'ono. Munthu akachotsedwa ntchito, kapena akatopa ndi kapitawo, ankatuluka ndi luso m'manja. Zidutswa za malata, migolo yotha ntchito, matabwa a mabokosi, matayala akale ndi timapisi ta nsalu zinkakwera mtunda kupita ku Ndirande, n'kubwerako zili ndowa, mbaula, zothiririra mbewu, mipando, mabedi, nkhwaira ndi malaya a ana. H. C. Norwood, katswiri wa mapulani a mizinda, analemba za Ndirande mu 1972 m'magazini ya Town Planning Review. Pa mutu wa nkhani yake anaitchula kuti ndi malo a anthu okhala popanda chilolezo. Ine mawu amenewo sindigwirizana nawo kwenikweni, pakuti ambiri chilolezo anali nacho, chochokera kwa mfumu, kungoti sichinali cha pa pepala. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu opita ku Joni. Amuna zikwi zambiri anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira, ndipo ena a iwo, atazolowera moyo wa malipiro, anadzafuna ntchito mu Blantyre. Dzina la Wenela linatsalira pa depoti ya mabasi ija. M'zaka za m'ma 1980 kunabweranso othawa nkhondo ya ku Mozambique, ena n'kusowera mwa abale awo m'makomboni a mu mzinda.

Mabungwe a antchito, amene anali ndi mphamvu ndithu cha m'ma 1960, anamezedwa ndi chipani ufulu utabwera, ndipo kwa zaka zoposa 25 mawu oti sitalaka ankanenedwa monong'ona. Nchifukwa chake zimene zinachitika mu 1992 zinadabwitsa dziko lonse. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa, ndalama ya kwacha inali itagwa, mitengo ya zinthu ikukwera, malipiro ali pomwepo. Pa 8 Malichi mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo ija, ndipo pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a ku David Whitehead anaika zida pansi kufuna kuti awakwezere malipiro. Anatuluka pa geti, a m'mafakitale oyandikana nawo anawatsatira, ndipo pofika m'misewu ya mu mzinda khamulo linali litaphatikizana ndi achinyamata osowa ntchito ochokera m'makomboni. Masitolo anaswedwa, makamaka a PTC amene anthu ankawaona ngati a Dr Banda. Apolisi anaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa m'masiku ochepa amenewo. Sitalaka inafalikira ku Lilongwe ndi ku maesiteti a tiyi, ndipo olemba ntchito ambiri anakakamizika kukweza malipiro.

Mbiri ya kusintha kwa ndale ikamakambidwa timamva za mabishopu, za a Chihana, za riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Onsewa ndi oyenera kuwatchula. Koma maganizo anga ndi akuti kalata ya mabishopu inalankhula zimene anthu ankaopa kulankhula, pamene antchito a ku Makata anaonetsa kuti anthu wamba akhoza kuima pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo, boma n'kulephera kuwabweza ndi mawu okha. Amene anafa sabata imeneyo alibe chipilala, ndipo mayina awo sitinawamvepo akuwerengedwa pa mwambo uliwonse wa boma.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ufulu umene anathandiza kubweretsa unafika pamodzi ndi kutha kwa ntchito zawo. Malamulo oteteza katundu wopangidwa kuno anali atayamba kale kufewetsedwa potsata malangizo a IMF ndi World Bank, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zipata zinatsegulidwa kotheratu. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyenda yokha pa msika, ndipo inagwa kwambiri. Kaunjika anadzaza misika, zitenje zotchipa zinalowa kuchokera kunja, ndipo nsalu ya Whitehead inasowa wogula. A Lonrho anachokamo, boma linayesa kuiyendetsa, antchito anachepetsedwa kangapo, ndipo mu 2003 fakitale inagulitsidwa kwa a Mapeto pakati pa mkangano waukulu wokhudza mtengo wake. Ntchito yambiri ya fodya inali itasamukira kale ku Kanengo likulu litapita ku Lilongwe mu 1975. Carlsberg nayo inagulidwa ndi a Castel mu 2016. Anthu sanasiye kubwera, pakuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,000 mu mzinda wa Blantyre, koma obwera tsopano ankafikira pa benchi ya malonda, pa minibasi ndi pa ganyu. Phiri nalo linalipira. Mitengo ya paini ndi bulugamu imene tinkaiona tili pa bwalo la sukulu inatha m'zaka zochepa za m'ma 1990, nyumba ndi minda zinakwera mtunda, ndipo namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023 madzi ndi miyala zinapeza njira yotseguka.

Zolembedwa za makhonsolo akale ndi za boma zili ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi zithunzi ndi mabuku ambiri a Blantyre wakale. Koma m'menemo mumapezeka mawu a mabwana, a ma DC ndi a akatswiri a mapulani. Mawu a munthu amene anaima pa makina zaka makumi awiri ali m'mutu mwake mokha, ndipo amene analowa ntchito ku Whitehead mu 1967 ali ndi zaka 20, lero ngati ali moyo akuyandikira zaka 80. Tsono pempho langa kwa inu anzanga ndi ili. Amene muli ndi bambo, mayi, amalume kapena azakhali amene anagwirapo ntchito ku Makata kapena ku Limbe, khalani nawo pansi tsiku lina, muwafunse chaka chimene anafika, amene anawalandira, mfumu imene inawapatsa malo, ndalama zimene ankalandira pa mwezi woyamba, ndi kumene anali m'sabata ija ya Meyi 1992. Lembani kapena jambulani mawu awo pa foni. Mufufuzenso m'masutikesi muja: makhadi a ntchito, timapepala ta malipiro, makalata ochotsera ntchito, malisiti a lendi ndi zithunzi za timu ya mpira ya ku fakitale. Zimene mwapeza mubwere nazo pa msonkhano wathu wa pachaka, a komiti adzazijambula ndi kukubwezerani tsiku lomwelo.